Za chisanu cha kuno, kuyankha msuweni

Eee msuweni, ndamva funso lako lija. Ukuti kodi n'zoona kuti anthu a kumayiko ozizira ndi ouma mtima, mpaka mavoti awo amatengera kuzizirako? Hmm. Iwe za mavoti unayamba liti? Ukufuna kudziwa ngati alipo wondiona nditadwala kuno ku Regina, ku Canada. Azakhali ako akutuma, usakane.

Dikira kaye. Ukukumbuka chijasi cha malume a ku Dedza, bambo ako aakulu aja? Chija anabwera nacho ku Joni nthawi ya Wenela... chakuda, ayi, chotuwa, batani limodzi anachita kumanga ndi waya. Malume sanali ocheza. Moni wawo unali wa m'mphuno, "mmm", basi. Ana tinkawathawa. Koma June ikafika, pamudzi n'kugwa zovuta, chijasi chija chinkatuluka, wokalamba kwambiri pa siwa ndiye ankafunda. Pa maliro a agogo, itangochitika nkhani ya munda ija, aliyense ankati malume sapondapo. Anatulukira usiku, nkhuni zili panjinga. Anavula chijasi n'kufunditsa mayi aang'ono, omwe aja anakangana nawo, iwo n'kukakhala kuseri ndi malaya okha mpaka tambala woyamba. Osalankhula ndi munthu. Chinkanunkha fodya ndi utsi. Iwe unagonamo tsiku lina, ukulira, mamina ali mbwee. Usatsutse, ndinalipo.

Ndiye kuno... mu January kumafika madigiri 30 pansi pa ziro, nthawi zina kupitirira. Galimoto timailumikiza kumagetsi usiku kuti mawa ilire. Neba wanga, mdala wina wake, kwanga sanalowepo, nsima yanga sanailawepo. Koma chipale chofewa chikagwa, ndimadzuka n'kupeza kanjira ka pakhomo panga kali mbee, wachotsa kale ndi fosholo. Tsiku lina batire itafa, anangotuluka ndi nthambo, kulumikiza, galimoto kulira, iye n'kubwerera m'nyumba. Zikomo ndinachita kumukuwira.

Za ndalezo, eya, zilipo. Chigawo chino cha Saskatchewan, alimi atazunzika ndi chilala cha m'ma 1930, mu 1944 anasankha Tommy Douglas, yemwe anali m'busa m'tauni ya Weyburn, kuti atsogolere boma la chigawochi. Mu 1947 boma lake linayambitsa inshulansi ya chipatala ya aliyense. Mu 1962 boma la chigawoli linawonjezera za madokotala, madokotalawo n'kunyanyala ntchito masiku 23, koma zinatheka, kenako Canada yense anatengera. Komatu... usati chisanu ndiye chimavota, ayi. Kuyambira 2007 anthu omwewa akusankha Saskatchewan Party, ya anthu okonda msonkho wochepa, chisanu chili chomwecho. Amakangana zoti athandize ndani, boma kapena maneba okhaokha. Zoti munthu asiyidwe panja usiku wa January, pamenepo sindinamvepo mkangano, chifukwa aliyense akudziwa kuti m'mawa mudzapeza mtembo.

Ndiye ouma mtima ayi. Sacheza, koma amabwera. Ndi malume aja ndendende, pakamwa palibe, koma pavuto umangoona afika.

Azakhali ako ukawauze choncho, kuti wocheza naye ndimamusowa ndithu, sindinama, koma nditagwa pakhomo pano mdala uja afika ndisanaitane. Asamagone ndi nkhawa. Aa, komanso undifunsire, chijasi chija chili kwa ndani masiku ano?