Ku Mzuzu ndi Karonga pa ntchito: imbani kaye foni musanalipire chipinda

Achemwali, mwati kuntchito akukutumizani ku Mzuzu ndi Karonga kwa masabata awiri mu Juni muno, ndi ulendo wanu woyamba, ndipo mukufuna kudziwa kasankhidwe ka malo ogona. Ine ntchito yanga ndi yoyendayenda, msewu wa M1 ndaupondaponda zaka zambiri, ndiye ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso anga.

Zithunzi za pa Facebook zisakukopeni. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Imbani foni, mutchere khutu mmene akukuyankhirani, chifukwa mmene munthu akulankhulirani musanamupatse ndalama ndi mmenenso adzakusamalireni zinthu zikavuta.

Chaka china ndinasungitsa chipinda pa loji ina ku Mzuzu, yokongola zedi, maluwa kuyambira pageti mpaka pakhonde. Theka la ndalama ndinatumiziratu pa foni. Tinanyamuka ku Lilongwe masana, ku Chikangawa tinapeza chifunga choti dalaivala ankangoyenda pang'onopang'ono, tinakafika cha m'ma 9 koloko usiku. Mtsikana wa polandirira alendo sanandipatse ngakhale moni. Maso ali pa foni yake, anangoti chipinda changa chapatsidwa kwa anthu a msonkhano. Nditamuonetsa uthenga wa ndalama ija, anati, "Zimenezo akudziwa ndi abwana, ndipo atseka foni." Anandiponya m'kachipinda koyandikana ndi bala, bulangete limodzi lopyapyala, kuzizira kwa Mzuzu kwa mu Juni kuja kolowa mpaka m'mafupa. Nyimbo zinaleka cha m'ma 2 koloko. M'mawa magetsi kunalibe, madzi a m'bafa ngati ochokera mufiriji. Nditapempha ndowa ya madzi otentha, anandiyankha kuti mbaula ili ndi ntchito ina. Lisiti nalo anati ndibwere mawa, buku latsekeredwa mu ofesi, pomwe ine ndinali wa paulendo.

Magetsi amathima paliponse, sindinawaimbe mlandu pa zimenezo. Chinandipweteka n'chakuti panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati pepani, kapena kuganiza kuti munthuyu ali ndi ntchito yoti akagwire kukacha.

Sabata yomweyo ku Karonga ndinagona pa kaloji kakang'ono, penti yosuluka, mipando yakalekale. Koma mayi amene amayang'anira malowo, ine sindidzawaiwala. Nditaimba foni anandifunsa nthawi yonyamukira, n'kundilangiza kuti titsike mapiri a Chiweta kusanade. Titafika, mlonda analandira chikwama ndi manja awiri, mayiwo n'kundiperekeza okha kuchipinda. Anatambasula neti, anaona kabowo kolowa chala, nthawi yomweyo anaitanitsa ina. Ku Karonga udzudzu si wamasewera, ndipo iwo anaganizira zimenezo ine ndisanatsegule pakamwa. Madzulo anagogoda kudzandiuza kuti madzi a m'mipope akhoza kusiya usiku, choncho andiikiratu ndowa ziwiri m'bafa. Anandiphikira mpunga wa Kilombero ndi nsomba, fungo lake linandipeza ndili m'chipinda. Atamva kuti ndinyamuka mbandakucha, anandikonzera tiyi mufulasiki ndi mazira awiri owiritsa, lisiti lodinda bwino lili pambali. Madzi anasiyadi usiku umenewo, koma ine sindinavutike ngakhale pang'ono. Mpaka lero ndikapita kumeneko sindifuna kwina, ndipo anzanga a kuntchito onse ndinawalozera komweko.

Ndiye mukamaimba, afunseni kuti magetsi akathima amatani, ali ndi jenereta kapena sola yoti n'kutchajira laputopu. Afunseni za madzi otentha osamba. Akayankha kuti "vuto palibe, ingobwerani" osalongosola kanthu, samalani. Amene amakuuzani mosabisa kuti jenereta amailiza mpaka 10 koloko basi, ndipo m'mawa amatenthetsa madzi pa mbaula, ameneyo ndiye wodalirika. Mukagwirizana, akutumizireni uthenga wolemba tsiku, mtengo ndi nambala ya chipinda, kuti mukhale ndi umboni.

Musalipiriretu masiku onse. Lipirani usiku umodzi, mukakhutira muwonjezere. Ndipo musachite manyazi kupempha kuona chipinda musanatulutse ndalama. Tsegulani mpope, yang'anani nsalu zofunda, yesani loko. Inu ndinu mayi woyenda nokha, chitseko chikhale ndi chotsekera cham'kati, chipinda chikhale kutali ndi bala, ndipo mudziwe ngati mlonda amagonera pompo. Malo amene wolandira alendo amatchula nambala ya chipinda chanu mokuwa pamaso pa anthu akumwa, ine sindigonapo.

Za lisiti musazitenge mopepuka. Litengeni nthawi yomwe mukulipira, likhale ndi dzina la malowo, tsiku ndi chidindo. A zachuma kuntchito samva zoti buku linatsekeredwa, amangodula pa malipiro anu. Chakudya chamadzulo muziitanitsiratu masana, popeza malo ambiri ang'onoang'ono amayamba kuphika mukanena, ndipo nkhuku ya lokolo sipsa msanga.

Amene amadziwa bwino malo awa ndi madalaivala a kuntchito kwanu. Iwo amagona m'malo ambiri, ndipo amadziwa kumene munthu amalemekezedwa ngakhale asanavale tayi. Afunseni mwakachetechete, akuuzani zoona. Mukafika, moni wa "monire" ndi "yewo" wothokoza musaumire, anthu a kumpoto amasangalala nawo, ndipo inunso mukawalemekeza ogwira ntchitowo amakusamalirani ndi mtima wonse.

Tengani juzi yochindikala ndi masokosi za ku Mzuzu, koma zovala zopepuka musasiye, chifukwa mukangotsika Chiweta kuyandikira kunyanja, juziyo muivula. Mukadziwa masiku enieni mundilembere kumbali, ndikupatseni nambala ya mayi a ku Karonga aja.