Kukoleji kulibe belu, mdzukulu wanga

Mtsikana wina wa kwa Chamama kuno ku Kasungu wandifunsa kuti: "Agogo, ndasankhidwa kukaphunzira ku University of Malawi ku Zomba. Pabanja pathu palibe anafikako kukoleji. Anzanga akundiopseza kuti ambiri amachotsedwa chaka choyamba chomwecho, ena amabwerako atalowerera. Ndikakhale bwanji?"

Ndiyambe ndalulutira kaye, mdzukulu wanga, chifukwa malo amenewo amawalimbirana ndi ambiri.

Anzakowo sakunama kwenikweni. Koma dziwa kuti amene amabwezedwa kumudzi si mbuli ayi. Onsewo analowa ndi mapointi abwino a MSCE ngati iwe. Chimawagwetsa n'chakuti kukoleji kulibe belu. Kusekondale unkadzutsidwa, n'kukusidwira m'kalasi, ukajomba ahedi n'kuitanitsa makolo. Ku Zomba ukagona mpaka dzuwa kufika paliwombo, palibe adzagogoda pachitseko. Mphunzitsi amalowa m'holo modzaza anthu, n'kuphunzitsa, n'kutuluka, dzina lako osalidziwa. Ndiye mwana amene zaka zonse ankayendera kuopa chikwapu amaona ngati wafika pa holide, n'kudzadzidzimuka mayeso atafika pakhomo.

Mvetsa mmene malikisi amayendera kumeneko. Chaka chimagawidwa pawiri, masemesita. Timayeso tam'kati ndi ntchito zimene amakupatsani kuti mukalembe zimawerengeredwa pamodzi ndi mayeso otsiriza, choncho ntchito ya sabata yachitatu imene ukuiona yochepa ili kale pa sikelo. Ukalephera phunziro pang'ono umalembanso, eni ake amati sapu. Ukalephera angapo, ubwereza kapena akuuza kuti longedza. Kuwerenga kwa usiku umodzi, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira, kumene kunakupulumutsa pa Fomu 4, kumeneko sikuthandiza, chifukwa mabuku ndi ambiri ndipo safuna kuti ubwereze mawu a m'kope, amafuna maganizo ako. Dziikire wekha nthawi yodzuka ndi ya ku laibulale sabata yoyamba yomweyo. Likasa ndi kukopera ntchito ya mnzako usayerekeze, anthu amachotsedwa nazo sukulu.

Chimene ndimadandaula nacho kwambiri mwa ana athu a kumudzi ndi manyazi. Ukakhala pafupi ndi amene anaphunzira ku Kamuzu Academy, pa Mtunthama pompa, chizungu chikuchita kutuluka m'mphuno, iwe udzafuna kubisala. Usatero. Ife tinakuphunzitsani kuti mwana sayang'ana wamkulu m'maso, ndipo pakhomo ndi khalidwe labwino. M'kalasi khalidwe lomwelo likhoza kukupweteka. Ngati sunamve, kweza dzanja. Aphunzitsi ali ndi maofesi, gogoda, upereke moni mwaulemu, ufunse. Kompyuta ikakuvuta, uza mnzako akuonetse, masabata awiri okha udzakhala utazolowera. Safunsa anadya phula.

Tsopano za ndalama, ndipo apa khala pansi. Ndalama imene bambo ako adzakutumizira pa foni ndi ya fodya amene anamuweramira kuyambira ku nazale mpaka ku okushoni kwa Chinkhoma, kapena ya soya ndi mtedza wa mayi ako. Imabwera kamodzi pachaka, pamene njala yako ndi ya tsiku lililonse. Ikafika, lipira kaye nyumba ndi kugula ufa, zotsalazo uzigawe m'masabata. Malo ogona a pasukulu sakwanira onse, ambiri amachita lendi ku Chikanda ndi madera ena ozungulira, ndiye nyamula ufa, nyemba, nsinjiro ndi mfutso kuchokera kuno. Asakuseke wina, mwezi ukafika pakati ndi yemweyo adzabwera ndi mbale.

Boma lili ndi bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa mu 2015. Ngongoleyo siibwera yokha, umafunsira pa nthawi imene alengeza, ndipo si onse amapatsidwa. Tchera khutu, mapepala ako onse akhale pamodzi m'chikwama chimodzi. Ukapatsidwa, kumbukira kuti udzabweza ukamaliza. Si ya foni yatsopano, si ya wigi. Katapila umuthawe. Anyamata amene mukuwerenga nawo pano, inu chimakumalizani ndi kubetcha mpira ndi mowa wa Lachisanu, ndalama ya semesita yonse kutha masiku ochepa.

Kunena mosabisa, poti agogo ndi mdzukulu sabisirana, atsikana a chaka choyamba amadikiriridwa. Akuluakulu a chaka chachitatu ndi chachinayi adzakuthandiza kunyamula chikwama tsiku lofika, zidyamakanda za magalimoto zidzaima pageti Loweruka. Sindikuti usacheze ndi amuna, ndi anzako a m'kalasi ndipo mwina wako weniweni ali komweko. Koma amene akukugulira chakudya tsiku ndi tsiku akulemba m'kabuku, tsiku lina adzaitanitsa. Mimba ndi matenda sizidziwa kuti uli ndi mapointi angati. Wina aliyense, ngakhale mphunzitsi, akakuuza kuti malikisi ako ali m'manja mwake pokhapokha umuvomere, sunga mauthenga akewo, ukanene ku ofesi yoona za ophunzira. Usafe nazo wekha.

Uzikagona chipinda chimodzi ndi Mtumbuka, Mlomwe, Msena kapena Myao. Ku Zomba Asilamu ndi ambiri, ndiye usakaphike nkhumba mumphika wa mnzako usanamufunse, ndipo chilankhulo cha wina usachiseke. Kumpingo uzipita, koma magulu ena a mapemphero amafuna usiku uliwonse. Sankha limodzi, mabuku asagone.

Zikakuthina, imbira foni kunyumba, unene zoona. Makolo amapirira kumva kuti mwana ali ndi sapu. Chimawapweteka ndi kumva kwa anthu kuti mwana anachotsedwa kalekale, akungokhala m'tauni kudya fizi.

Ukadzabwera pa holide, chizungu uchisiye pa depoti ya Kasungu. Mangira chitenje, ukapereke moni kwa azakhali ako ndi kwa amfumu, m'mawa ugwire khasu ngati kale. Ukapeze mpata upitenso kusukulu yako yakale, ukawaonetse a Fomu 4 mmene amasankhira maphunziro ndi mmene amafunsira ngongole ija.