Funsani Amakaniko: Njinga yanga yamoto imagona pakhonde

Funso: Amakaniko, ndine mayi wamasiye wa ku Chinamwali. Ndalama za banki mkhonde ndinaphatikiza ndi zomwe ndinapeza nditagulitsa nandolo, n'kugula njinga yamoto ya Lifo kuti mwana wa mchemwali wanga azichitira kabaza, madzulo azindipatsa kangachepe. Sabata yatha anzathu oyandikana nawo nyumba anawabera yawo pakhonde, chonsecho handulo anakhoma, makiyi anali nawo kuchipinda. Yanganso imagona pakhonde. Tulo sindikuona. Kodi ndigule alamu, kapena kachipangizo kolondolera njinga pafoni kaja? Mayi wa ku Chinamwali.

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa njinga idakalipo. Ambiri amabwera kugalaja kwanga makiyi ali m'manja, njinga itapita kale. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Loko wa handulo musamudalire. Ndamasulapo ambiri, ndipo mkati mwake muli kachitsulo kakafupi, kochepa kuposa chala chamkombaphala, kamene kamalowa pakhosi pa njinga. Munthu wamphamvu akapotoza handulo mwaukali, kamathyoka. Ndiponso wakuba wodziwa ntchito yake savutika n'kuthyola. Njinga zazing'onozi kulemera kwake ndi ngati matumba awiri ndi theka a chimanga, ndiye anyamata atatu amangoinyamula mwakachetechete ngati mbuzi yomanga miyendo.

Izi ndinaziona ndi maso. Chaka china, nyengo yadzinja, kasitomala anandisiyira njinga yoti ndisinthe kilatchi. Ndinaikhoma handulo, n'kuikankhira kuseri kwa shedi, pulagi ndinachotsa n'kuika m'thumba la ovolosi, ndikudziona wochenjera. Usiku kunagwa chimvula chija chimatsika m'phiri la Zomba, cholindima pamalata moti ngakhale galu sumumva. M'mawa ndinapeza mapazi okhaokha m'matope, a anthu atatu, ozama kwambiri, popanda mkukuluzi wa tayala ngakhale umodzi. Pulagi ija ndili nayo mpaka lero mu bokosi la masipanala. Ndinalipira njinga ya eni kwa miyezi yambiri, ndipo kunyumba ndiwo zinali bonya ndi chisoso.

Choncho musanaganize za alamu, njingayo izilowa m'nyumba. Ndikudziwa, fungo la petulo pabalaza silisangalatsa, ndipo mafuta amadetsa simenti. Yalani katoni pansi. Mnyamatayo azidikira injini izizire, atseke kampopi ka petulo, ndipo mbaula kapena kandulo zisayandikire. Khomo likakhala lokwera, thabwa limodzi lolimba likwanira kukwezerapo.

Ngati m'nyumba simungalowe, imangirireni ku chinthu chosanyamulika. Pitani kwa owotcherera zitsulo akupindireni chitsulo chomangira nyumba cha mamilimita 16 ngati chilembo cha U, nsonga zake azipinde kuti zikole. Kumbani pakona pakhonde, thirani konkire, musiye kamphete kokha kakuonekera pamwamba. Tcheni chikhale chochindikala, osati chomangira galu, ndipo chidutse mu felemu ya njinga, chifukwa tayala amalimasula n'kukusiyirani ngati chikumbutso. Loko asagone pansi. Akagona pasimenti, wakuba wapeza pomenyera hamala. Alendewere m'mwamba, tcheni chitakungika.

Palinso kaswitchi kobisika. Njinga zambiri zamtunduwu zimalira ndi kiki ngakhale popanda kiyi, munthu akangodziwa waya woti asolole. Makaniko amene mumamukhulupirira angakuikireni kaswitchi kozimitsa moto wa ku pulagi, pamalo odziwa inu ndi mnyamata wanu basi. Wakuba amaponda kiki mpaka thukuta, njinga duu. Sikadula, koma ntchitoyo isachitikire parenki anthu akuonerera.

Alamu ndi yabwino poopseza, kungoti imalira ndi mphaka yemwe, mapeto ake aneba amazolowera, komanso imatsitsa batire njinga ikakhalitsa. Kachipangizo kolondolera pafoni kaja sikaletsa kuba. Kamakuuzani kumene njinga yapita. Kamafuna simu ya Airtel kapena TNM yokhala ndi bandulo nthawi zonse, ndipo akakaika pansi pa mpando n'kutaya ndalama, poti wakuba amayambira pomwepo kufufuza. Mukadzapeza ndalama kaguleni, koma kakadzakuonetsani malo, mudzapite ndi apolisi, osati ndi achibale ndi zibonga.

Tsopano funso langa kwa inu, mayi: nambala ya chasisi mukuidziwa? Ili pakhosi pa felemu, mmunsi mwa handulo. Ya injini ili chammunsi mwa injiniyo, nthawi zambiri mbali ya kumanzere. Pukutani ndi kansanza, jambulani pafoni, lembaninso m'kope lija mumalembamo za banki mkhonde. Lisiti yogulira, mapepala a MRA ndi a ku Road Traffic zikhale m'sutikesi mwanu, mnyamata aziyenda ndi mafotokope. Ngati njingayo simunailembetse, chitani changu. Apolisi akagwira njinga, mwini wake amadziwika ndi manambala, osati ndi kunena kuti "yanga inali yofiira, ya sitika ya Bullets pathanki". Zofiira zadzaza msewu wonse kuchokera ku Thondwe mpaka ku Songani. Njinga yobedwa sichedwa kuphwasulidwa n'kusanduka masipeya, ndipo Mozambique ili tsidya la nyanja ya Chilwa pompa. N'chifukwa chake ine ndimakhomanso kachizindikiro kanga ndi panchi kunsi kwa thanki ndi mkati mwa chivundikiro cha batire.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa khonde lanu ndi mwana wa mchemwali wanuyo. Akuba ena sabwera kunyumba. Amaima parenki kukamada, atavala bwino, n'kutchula mtengo wokoma osanenerera, ati awaperekeze cha ku Jali kapena njira ya ku Chingale. Pofika pamalo opanda nyumba, wina ali kale patchire ndi chikwanje. Mukhale naye pansi mnyamatayo. Mugwirizane ola loweruka, ndipo tsiku limene sanapeze ndalama yokwana musamukalipire, chifukwa kukalipako n'kumene kumawathamangitsira ku maulendo a usiku. Akanyamula munthu wachilendo, aziuza mnzake wa parenki kumene akulowera, wokwerayo akumva. Anthu awiri osawadziwa usiku asanyamule, ngakhale atalonjeza zingati. Ndipo mumuuze ndi pakamwa panu, kuti amve kuchokera kwa mwini njinga, kuti akadzamutsekera njira adzasiye makiyi n'kuthawa. Anyamata ambiri amalimbana ndi akubawo chifukwa choopa kukafika kwa abwana chimanjamanja.

Za chitsulo cha U chija, konkire muipatse sabata yathunthu, mukuithirira madzi m'mawa ndi madzulo, musanayambe kumangirirapo. Masiku amenewo njinga igone pabalaza.