Umembala wapamwamba wa moyo wonse pa ndege: yankho kwa mayi wa ku Area 47

Mayi wina wa ku Area 47, amene amayenda kawirikawiri pa ntchito za bungwe lawo, andilembera kufunsa mmene angapezere umembala wapamwamba wa moyo wonse, popeza nthawi zina amakwera Ethiopian Airlines, nthawi zina Kenya Airways.

Mayi, choyamba mudziwe kuti migwirizano ya makampani a ndege, monga Star Alliance ndi SkyTeam, sipereka umembala umenewu. Imaupereka ndi kampani imodzi, ndipo makampani ena a mumgwirizanomo amangoulemekeza pokulolani kulowa m'chipinda chodikiriramo cha anthu olemekezeka, kukwera msanga ndiponso kunyamula katundu woonjezera. Ethiopian inalowa mu Star Alliance m'chaka cha 2011, pamene Kenya Airways ili mu SkyTeam, choncho maulendo anu akugawikana pawiri ndipo palibe kumene akukwanira. Mapanga awiri avumbwitsa.

Ambiri amatamanda kampani ya ndege ya United ya ku America, imene imapereka umembala wa mulingo wa Gold wa moyo wonse kwa munthu amene wauluka mamailosi 1,000,000, koma kampaniyi imawerenga maulendo a pa ndege zake zokha, ndipo ndege zimenezo sizitera pa bwalo la Kamuzu. Musataye nthawi kumeneko.

Njira imene ndikuiona kuti ingatheke kwa munthu wa ku Lilongwe ndi Flying Blue, ndondomeko ya umembala wa okwera ndege pafupipafupi ya makampani a Air France ndi KLM, chifukwa imawerenganso maulendo a Kenya Airways. Mukakhala pa mulingo wa Platinum zaka 10 zotsatizana, mumakhalapo moyo wanu wonse. Koma sichapafupi: pamafunika mapointi 300 otchedwa XP, amene mumapeza mukakwera ndege, chaka chilichonse, pamene ulendo umodzi wa ku Nairobi umapereka 5 mu economy ndi 15 mu business, ndipo mukatsika mulingo chaka chimodzi chokha, kuwerenga kumayambiranso. Choncho pemphani ofesi yanu kuti, mitengo ikafanana, izikugulirani matikiti a Kenya Airways ndi KLM odzera ku Nairobi ndi Amsterdam, ndipo musanachoke pa kauntala muzionetsetsa kuti nambala yanu ya Flying Blue yalembedwa pa boarding pass.

Ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musagule maulendo osafunikira ndi ndalama za m'thumba mwanu, makamaka pamene ndalama zakunja zikuvuta chonchi, chifukwa lonjezo la moyo wonse limadalira moyo wa kampaniyo. Kampani ya bmi ya ku Britain itagulidwa ndi eni ake a British Airways mu 2012, inatuluka mu Star Alliance, ndipo makadi a golide a mamembala ake anasiya kugwira ntchito pa ndege za mgwirizanowo.