Mafunso a Owerenga: Magemu Otchuka, Ubwino Wake ndi Pomwe Amapelewera

Makalata ambiri omwe talandira mwezi uno akufunsa za masewera apakompyuta ndi apafoni, omwe ambiri timangowatchula kuti magemu. Tasankhapo makalata asanu, ndipo ena tawafupikitsa.

Funso: A Mkonzi, ine ndakhala ndikusewera FIFA kuyambira ndili mnyamata, ndipo chaka chilichonse ndimagula yatsopano. Mnzanga wina akuti ndikungotaya ndalama, chifukwa eFootball ndi yaulere komanso mpira wake umafanana kwambiri ndi wa pabwalo. Kodi akunena zoona? (Wokonda mpira)

Yankho: Achimwene, mnzanuyo ali ndi mfundo, koma sanakuuzeni zonse. Gemu yomwe mumakondayo inayamba mu 1993, ndipo kuyambira mu 2023 imatchedwa EA Sports FC, kampani ya EA yomwe imaipanga itasiyana ndi bungwe la FIFA pa nkhani ya dzina. Mphamvu yake yaikulu ili pa ziphaso zomwe kampaniyi ili nazo. Mukatsegula gemuyi mumapeza Premier League, La Liga ndi UEFA Champions League ndi mayina enieni a matimu, mayunifomu enieni ndi nkhope za osewera zomwe simuchita kufunsa kuti uyu ndani. Kwa munthu amene amatsatira mpira sabata ndi sabata, ichi si chinthu chaching'ono, chifukwa theka la chisangalalo ndi kutenga timu yomwe mumaikonda n'kuipatsa chikho chomwe yakhala ikulephera kutenga pabwalo.

Pomwe imapelewera m'poonekeratu. Kusintha kwa chaka ndi chaka nthawi zambiri kumakhala kochepa kwambiri, moti munthu amalipira mtengo wa gemu yathunthu koma chomwe walandira n'kusamuka kwa osewera kuchoka ku timu ina kupita ku ina, pamodzi ndi tizinthu tochepa tatsopano. Kaseweredwe kake kamakonderanso liwiro: wosewera wothamanga kwambiri amaposa wosewera wanzeru, ndipo mukamasewera ndi anthu ena pa intaneti mumaona zigoli zofanana zikubwerezedwa masewero onse.

Koma chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi gawo la Ultimate Team, lomwe linayamba mu 2009. M'gawoli munthu amagula mapaketi a osewera asakudziwa kuti mkatimo muli ndani, n'kumayembekeza kuti mwina ulendo uno atulukamo katswiri. Mu 2018 akuluakulu oona za njuga ku Belgium anagamula kuti kugulitsa mapaketi otere ndi ndalama zenizeni ndi njuga, ndipo kumayambiriro kwa 2019 EA inasiya kugulitsa mapointi ogulira mapaketiwo m'dzikolo. Ine ndimagwirizana ndi chigamulo chimenecho, makamaka ndikaganizira kuti gemuyi amaisewera ndi ana omwe. Komanso timu yomwe mwaimanga ndi ndalama zanu chaka chino simupita nayo mu gemu ya chaka chamawa, mumayambanso pachiyambi.

Tsono eFootball, yomwe kale inali Pro Evolution Soccer ya kampani ya Konami, ili ndi mbiri yabwino pa kayendedwe ka mpira. Mpira umamveka kuti uli ndi kulemera kwake, kupatsirana kumafuna kuganiza, ndipo chigoli chimabwera mutachikhetsera thukuta. Komabe pomwe inatuluka ndi dzina latsopanoli mu September 2021 inali yosapsa: nkhope za osewera zinkapindika modabwitsa, matimu anali ochepa, ndipo gawo lokondedwa la Master League, loyendetsa timu ngati mphunzitsi, munalibe. Zambiri anazikonza pambuyo pake, koma nayonso ndalama zake imazipeza pogulitsa osewera mwa mwayi, choncho mawu akuti yaulere muwamve mosamala. Malangizo anga ndi akuti, ngati mumasewera ndi anzanu pampando umodzi kapena mumakonda gawo loyendetsa timu ngati mphunzitsi, palibe chifukwa chogulira yatsopano chaka chilichonse. Kudumphitsa chaka chimodzi kapena ziwiri simutaya kanthu.

Funso: Mwana wanga wa zaka 11 amasewera Minecraft, koma tsopano akundivutitsa kuti ndimugulire Grand Theft Auto V ponena kuti anzake onse ali nayo. Ine sindidziwa kusiyana kwake. Ndithandizeni. (Mayi wa ana awiri)

Yankho: Mayi, musamugulire. Bungwe la PEGI, lomwe limaika malire a zaka pa magemu ku Ulaya, linaika Grand Theft Auto V pa zaka 18, pomwe Minecraft ili pa zaka 7, ndipo malire amenewa sanawaike mongoyerekeza. Mu Grand Theft Auto V wosewera amayendetsa zigawenga zitatu, Michael, Franklin ndi Trevor, zomwe zimaba magalimoto, kuthyola mabanki ndi kupha anthu. Muli kutukwana kosalekeza, mankhwala ozunguza bongo, zachiwerewere, komanso gawo lina lomwe wosewera amayenera kuzunza mkaidi ndi manja ake kuti nkhani ipitirire.

Sindikunena kuti ndi gemu yopangidwa mosasamala, ayi. Mzinda wa Los Santos, womwe anautengera ku Los Angeles, anaumanga mwaluso lalikulu, ndipo n'chifukwa chake gemu yomwe inatuluka mu 2013 ikugulidwabe mpaka lero. Ngakhale kwa akuluakulu ili ndi zofooka zake: mzinda ndi womasuka, koma ntchito zomwe nkhani imakupatsani zimafuna kuti muchite ndendende zomwe opanga anakonza, ndipo mukapatuka pang'ono mumauzidwa kuti mwalephera. Akazi nawonso sapatsidwa ulemu m'nkhani yake.

Minecraft, yomwe inapangidwa ndi kampani ya Mojang ya ku Sweden n'kugulidwa ndi Microsoft mu 2014, ndi yosaoneka bwino poyerekeza, poti chilichonse m'menemo ndi timabokosi. Koma mwana amakumba, amalima, amaweta ziweto, amamanga nyumba, ndipo akafika pogwiritsa ntchito redstone, fumbi lofiira la mu gemuyi lomwe limagwira ntchito ngati mawaya, amakhala akuphunzira mfundo za kayendedwe ka magetsi iye osadziwa. Kufooka kwake n'kwakuti siimuuza wosewera chochita, moti ana ambiri amathera nthawi yaitali pa YouTube kuonera ena akusewera. Chinanso choti muyang'anire ndi anthu omwe amacheza nawo akalowa m'magulu a pa intaneti, chifukwa kumeneko kumapezekanso akuluakulu osawadziwa.

Funso: Ndinagula Elden Ring nditamva kuti inapambana mphoto ya gemu yabwino koposa ya chaka cha 2022. Ndaisewera sabata ziwiri koma ndikungophedwa ndi chilombo chotchedwa Margit. Kodi gemu yozunza munthu chonchi ingatchedwe bwanji yabwino? (Wokhumudwa)

Yankho: Bambo, funso lanu ndi loyenera, ndipo anthu okonda magemu akhala akukangana pa mfundo yomweyi kwa zaka zambiri. Kampani ya FromSoftware ya ku Japan, yomwe inapanga gemuyi, siika mwayi wosankha kuti gemu ikhale yophweka kapena yovuta, ndipo imatero dala. Maganizo awo ndi akuti chisangalalo cha kupambana chimachokera m'kulephera komwe kunatsogola, ndipo aliyense amene anagonjetsapo mdani yemwe anamupha maulendo makumi awiri amadziwa kuti chimwemwe chimenecho n'chenicheni. Nkhondo zake nthawi zambiri ndi zachilungamo: mdani aliyense ali ndi kachitidwe kake, amakweza chida asanamenye, ndipo ntchito yanu ndi kuphunzira nthawi yozemba ndi nthawi yobwezera.

Chomwe gemuyi siinakuuzeni bwino n'chakuti Margit anamuika pamenepo kuti akubwezeni. Simukuyenera kulimbana naye mutangoyamba kumene. Bwererani, pitani kumwera ku dera la Weeping Peninsula komwe adani ndi ofewerapo, onjezerani mphamvu ya moyo wa msilikali wanu, nolani chida chanu, ndipo pobwerera muitane mizimu yothandiza yomwe gemuyi imakupatsani. Ena amanyoza ogwiritsa ntchito mizimuyi, koma musawamvere, pakuti opanga gemu anaiikamo kuti igwire ntchito.

Apa ndi pomwe ndimaona ubwino ndi kufooka kwa Elden Ring zili pamalo amodzi. Dziko lake ndi lalikulu ndipo silidzaza mapu ndi zizindikiro zokulozerani kopita, choncho mukaona nsanja patali n'kupitako mwa kufuna kwanu, chomwe mwapezacho chimakhala chanuchanu. Koma kusalankhula komweku kumapitirira muyeso. Mulibe buku lokukumbutsani zomwe munalonjeza anthu omwe mwakumana nawo, ndipo nkhani zawo n'zovuta kuzitsatira popanda kufufuza pa intaneti. Mukamamenyana ndi zilombo zikuluzikulu kamera imasokonekera, moti nthawi zina mumaphedwa ndi chinthu chomwe simunachione, ndipo kumeneko sikungatchedwe chilungamo. Adani ena amabwerezedwanso kambirimbiri m'madera akutsogolo. Ngati mutayesa zomwe ndanenazi n'kuona kuti mtima sukukondwabe, isiyeni popanda manyazi. Mphoto siikakamiza munthu kukonda gemu.

Funso: Pakati pa Free Fire ndi PUBG Mobile, yabwino ndi iti? (Mtsikana wa pasukulu ya ukachenjede)

Yankho: Achemwali, onsewa ndi magemu owomberana momwe wotsala pomaliza ndiye amapambana, ndipo yankho lili pa foni yomwe muli nayo. Free Fire imaika osewera 50 pachilumba ndipo masewero amatha m'mphindi pafupifupi 10. Imayenda bwino ngakhale pa foni yochepa mphamvu, koma zithunzi zake n'zosalongosoka kwenikweni, ndipo maluso apadera a anthu ake amachititsa kuti nkhondo isadalire kulozetsa mfuti kokha. PUBG Mobile imaika osewera 100 pa mapu aakulu, imafuna kuleza mtima ndi kumvetsera mapazi a mdani, ndipo kwa ine ndi yakuya kuposa inzakeyo. Vuto lake n'lakuti imadya malo ambiri mu foni, imatenthetsa batire, ndipo mukhoza kuthamanga mphindi makumi awiri osaona munthu kenako n'kuphedwa ndi chipolopolo chimodzi.

Funso: Kodi n'kwanzeru kulipiriratu gemu isanatuluke, monga momwe makampani amatilimbikitsira? (Wowerenga wokhulupirika)

Yankho: Ine sindilimbikitsa zimenezo, ndipo chitsanzo chomwe chimandikhutiritsa ndi Cyberpunk 2077 ya kampani ya CD Projekt Red ya ku Poland. Anthu mamiliyoni anailipiriratu chifukwa chokhulupirira kampani yomwe inawapatsa The Witcher 3 mu 2015. Itatuluka mu December 2020, pa PlayStation 4 ndi Xbox One inkangojama, anthu ndi magalimoto zinkasowa kapena kutulukira mwadzidzidzi, mpaka Sony inaichotsa pa sitolo yake ya pa intaneti ndi kubweza ndalama kwa ogula; inabwereranso pa sitoloyo mu June 2021.

Lero ndi gemu yabwino. Mzinda wa Night City ndi wochititsa chidwi, nkhani zake zing'onozing'ono zinalembedwa ndi mtima, ndipo zomwe anakonza mu September 2023, pamodzi ndi gawo lowonjezera la Phantom Liberty, zinasintha kachitidwe ka apolisi ndi kakulidwe ka maluso a wosewera. Koma zokonza za mu 2023 zimenezi sizinafike pa PlayStation 4 ndi Xbox One, kutanthauza kuti omwe anavutika kwambiri poyamba ndi omwenso sanalandire gemu yokhwimayo. Dikirani sabata imodzi kapena ziwiri gemu itatuluka, ndipo muonere kanema wa munthu akuisewera pa makina ofanana ndi anu, osati pa kompyuta yamphamvu yomwe kampani imagwiritsa ntchito poitsatsa.