Kwa achemwali ondifunsa za kosi ya doula: ine ndinachira ndekha kuno ku England

Imelo yanu achemwali ndinaiwerenga katatu Lachiwiri usiku nditangoweruka, koma kuyankha nthawi yomweyo ndinalephera chifukwa inanditokosa pabala. Mwati mumagwira ntchito ya care kuno, mwamva za kosi ya doula, munthu wodikirira ndi kuthandiza mayi pochira ndiponso akachira, ndipo mtima ukufuna, koma abambo akunyumba akuti kumeneko nkutaya ndalama, ntchito yanji yongokhala pambali pa munthu wodwala ulibe ngakhale jakisoni m'manja. Ndiye mukufunsa ngati ili ntchito yeniyeni, komanso poyambira mpati.

Ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndi zanga.

Mwana wanga woyamba ndinachira mu Januwale, kunja kukuzizira koti zala osazimva. Mayi anga tinawafunsira viza kuti adzandidikirire, anawakaniza, ndalama ya fomu nkupita choncho. Matenda anayamba cha m'ma 2 koloko usiku, bambo a mwana anandiperekeza inde koma nawonso kanali koyamba, ankangozungulira m'chipindamo foni ili m'manja, ndikabuula iwo thukuta kamukamu, mpaka ine wodwala ndi amene ndinkawauza kuti khalani pansi musaope. Azamba a pachipatalapo anali abwino, sindinganame, koma njira isanatseguke bwino amangobwera kudzakuyeza nkupita kwa ena, ndipo kutacha shifiti inasintha, uja ndinayamba kumuzolowera anatsanzika kunabwera nkhope ina. Ululu utafika penipeni Chizungu chonse chinandithawa m'mutu. Ndinkangoti mayo ine, mayi anga ine, msanawu msanawu, palibe ankamva chomwe ndikunena. Sindinkafuna mankhwala ena ayi, ndinkangofuna dzanja la munthu wamkulu pamsana panga, munthu woti sachoka.

Mwana atabadwa anandibweretsera tiyi ndi tositi iwiri yopaka bata, ndi mwambo wawo kuno ndipo azimayi ambiri amaiyamikira tositi imeneyi. Ine ndinangoiyang'ana misozi nkuyamba, chifukwa ndinakumbuka mmene anachirira akulu anga kwathu ku Ntcheu. Mayi ndi amene anali gadiyani. Ananyamuka ndi ufa, nkhuni, mapoto awiri, beseni ndi mulu wa zitenje, anagona pamkeka kushedi ya magadiyani pafupifupi masabata awiri akudikira tsiku. Mwana atangobadwa iwo anali atafika kale pakhomo la wodi ndi phala la mgaiwa lotsira nsinjiro lili fuuu m'bakuli, kenako anatenga zitenje zamagazi zija kukachapa kumpopi kusanache bwino kuti anthu asazione. Palibe anawalipira, palibe anawatchula dzina lapamwamba, anali agadiyani basi.

Koma chomwe chinandipweteka kwambiri si kuchipatala, ndi kunyumba. Ananditulutsa mawa lake. Kwathu munthu ukachira umalowa m'chikuta, sugwira mtondo sugwira tsache mpaka mchombo wa mwana utagwa, akuluakulu amakuphikira, kukuthowa ndi madzi otentha, kukufululira thobwa kuti mkaka ubwere, mwana akalira usiku pali wina womunyamula iwe ugoneko. Kuno tchuthi cha abambo mwana akabadwa ndi masabata awiri okha, ndipo anga poti ankagwira za agency anabwerera kuntchito tsiku lachinayi, lendi sidikira. Ndinatsala ndekha m'kafulati ndi khanda, mawere atatupa gwa ngati miyala, pokhala pakupweteka, mbale zili mbwee musinki. Mchombo unagwera m'thewera tsiku lachisanu ndi chitatu, ndinautola nkuukulunga mu tishu, kenako ndinangokhala nawo m'manja osadziwa kuti ndiutani, kuutaya m'bini mtima ukukana. Ndinaimbira mayi pa WhatsApp netiweki ikudukaduka, iwo akuti chani, ine ndikulira. A health visitor, anamwino oyendera amayi ndi makanda m'makomo, atabwera anandifunsa mmene ndikumvera mumtima, ndinati bwinobwino, si mmene tinaleredwera eti, zakukhosi sutulira mlendo.

Anandipulumutsa ndi mayi wina wa ku Zimbabwe wa kutchalitchi kwathu. Anangogogoda tsiku lina masana, sanafunse zambiri, anavula jekete nkulowa kukhitchini, anaphika nsima ndi nkhuku, ananditengera mwana nkumuika paphewa nati pitani mukagone. Ndinagona maola anayi osatembenuka. Podzuka ndinapeza mbale zatsukidwa, ndipo anakhala nane pasofa kundionetsa kagwiridwe ka mwana kuti ayamwe bere lonse osangoluma nsonga. Achemwali, zimene anachita mayi ameneyo tsiku limenelo ndiye udoula umene mukufunsawo. Ndi chifukwa chake patapita zaka nanenso ndinakachita kosi.

Mawu oti doula ndi a Chigiriki, amatanthauza wantchito wamkazi. Anawatchukitsa ndi Dana Raphael wa ku America cha m'ma 1970, kenako madokotala awiri a ana, John Kennell ndi Marshall Klaus, anachita kafukufuku ku Guatemala yemwe anatuluka mu 1980, anaona kuti azimayi omwe anali ndi mzimayi mnzawo pambali nthawi yonse ankachira msanga kusiyana ndi omwe anasiyidwa okha. Bungwe la ma doula la DONA linayamba ku America mu 1992, Doula UK kuno mu 2001. Mu 2017 a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, anaphatikiza kafukufuku 26 wa azimayi oposa 15,000 nkupeza kuti amene ali ndi munthu wosachoka pambali, opita kumpeni amachepa ndipo matenda amafupikirako, ndipo a WHO mu 2018 analemba kuti mayi aliyense aziloledwa kukhala ndi munthu amene wamusankha yekha pochira. Ndinkamva zimenezi m'kalasi mtima ukuwawa, chifukwa anthu anachita kuwerengetsa ndi manambala chinthu chomwe mayi anga ankachita pamkeka, ife eni ake timachiona ngati si kanthu.

Ndiye abambo akunyumbawo muwauze mwaulemu kuti alakwitsa. Ndikunena motsindika. Vuto lathu timalemekeza yunifolomu ndi jakisoni, ntchito ya manja a mzimayi timati ndi chifundo chabe. Kuima maola khumi ndi awiri ukusisita msana wa munthu, kumupatsa madzi, kumukumbutsa kupuma, kukhazika mtima pansi mwamuna wake, kenako nkubwerera kwanu m'bandakucha miyendo itatupa, wina azinena kuti si ntchito? Abambo amene sanalowepo mu labour ward asamaweruze nkhaniyi.

Komanso kwa ife akuda kuno pali china. Lipoti la 2018 la MBRRACE-UK, gulu lofufuza imfa za amayi pa uchembere kuno, linaonetsa kuti azimayi akuda ankamwalira pa uchembere kasanu kuposa azungu, mpaka azimayi ena anayambitsa kampeni ya Five X More. Malipoti otsatira manambala atsikako koma kusiyana kukadalipo. Zifukwa nzambiri, koma chimodzi chomwe ine ndachiona ndi maso anga nchoti ife timapirira mopitirira, ndipo tikadandaula nthawi zina sativetsera msanga. Mtsikana wina ndinamuperekeza ankandinong'oneza m'Chichewa kuti mutu ukumuwawa koopsa ndipo akuona tinthu tothwanima m'maso, koma mzamba akalowa amangomwetulira. Ndinamuuza kuti mwana wanga zimene wandiuzazi uwauze pompano ndili pano, ndinadina belu, anamuyeza BP inali itakwera. Ine sindinamuchize, ndinangomuthandiza kutsegula pakamwa.

Apa ndiye mumvetsetse chifukwa ambiri amasokoneza. Doula si mzamba. Simuyeza njira, simumvetsera mtima wa mwana, simupereka mankhwala, simubereketsa. Lamulo la kuno, Nursing and Midwifery Order la 2001, limati wobereketsa ndi mzamba wolembetsedwa kapena dokotala basi, kupatula pangozi yadzidzidzi. Ndipo ine lamulo limeneli ndimagwirizana nalo ndi mtima wonse. Tikudziwa zakwathu, boma linaletsa azamba akumudzi mu 2007, a Bingu wa Mutharika nkudzachotsa chiletsocho mu 2010, mafumu ena nkumalipiritsa mbuzi kapena nkhuku munthu akachirira pakhomo. Azamba aja ambiri anali anthu achikondi, agogo anga omwe ankaitanidwa usiku, koma magazi akayamba kutuluka osaleka chikondi chokha sichithandiza. Nanga za mwanamphepo uja amamwetsa kuti matenda afulumire, ndi angati chiberekero chinawang'ambikira. Ndamvapo kuti ena amaitanitsa mankhwala oterewa kuchokera kumudzi m'masutikesi, chonde ngati mukulowa ntchitoyi zimenezo zisadutse m'manja mwanu. Tengani phala, tengani thobwa, tengani mbereko ndi kuleza mtima kwa amayi athu, zitsamba zisiyeni.

Ndipo ine ndimaona kuti kwa anthu akwathu mbali ya chikuta ndiye yofunika kuposa ya kuchipatala. NHS, bungwe la boma la zaumoyo kuno, imanena kuti azimayi oposa mmodzi mwa khumi amadwala matenda okhumudwa m'chaka choyamba akachira. Ife timati wangotopa, kapena akudzimva, kapena apemphere. Munthu wolowa m'nyumba kawiri katatu pasabata ndi amene amaona kuti makatani sakutsegulidwa ndipo mayiyu sanasambe.

Nanga poyambira

Pitani pa webusaiti ya Doula UK muone makosi omwe iwo anavomereza. Ophunzitsa udoula kuno alipo monga Nurturing Birth, Developing Doulas, komanso Abuela Doulas ya Mars Lord yomwe imaika mtima pa azimayi akuda. Kuphunzira kwake ndi kwa masiku ochepa, pamaso kapena pa intaneti, kuphatikiza zowerenga ndi zolemba, mtengo wake ndi mapaundi mazana angapo. Mukamaliza mumalembetsa ngati mentored doula, mumakhala ndi wokutsogolerani amene mumakambirana naye mukaperekeza munthu aliyense, mpaka adzakuvomerezeni kukhala recognised doula. Mufunika DBS (chikalata chofufuza ngati muli ndi mbiri ya milandu), inshulansi, ndi kulembetsa ku HMRC, a misonkho, poti mukhala wodzilemba nokha ntchito.

Pamenepo muone kaye viza yanu musanalipire kalikonse. Ya student siilola bizinesi ya wekha, ndipo ya sponsorship ili ndi malire ake pa ntchito zapambali, muwerenge bwino kapena mufunse odziwa malamulo.

Ntchito ya care musaisiye msanga, makasitomala amabwera pang'onopang'ono ndipo anthu akwathu ambiri adzafuna muwathandize ulere, mudziwiretu kuti mungakwanitse angati otero pachaka. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi postnatal, yothandiza mayi kunyumba akachira, chifukwa maola ake mumapangana, mutha kuwalowetsa pakati pa mashifiti. Ya kuchipatala ndi yovuta, kuyambira sabata ya 38 foni siizima usiku ndi usana mpaka munthu atachira, nthawi zina kufika sabata ya 42, simupita kutali, simulonjeza ukwati wa munthu. Ndiye mukhale pansi ndi abambowo muwafunse kuti foni ikalira 3 koloko usiku ana awakonzekeretsa kusukulu ndani. Mundilembere zomwe ayankhe, mundiuzenso tauni yomwe muli ndione ngati pali gulu la ma doula ongodzipereka pafupi nanu loti mukayambireko.