Kwa achimwene a Man United amene apeza mpando pakati pa a Liverpool

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mnzanu wa kuntchito wakubwerekani mpando wake ku Anfield, bwalo la Liverpool ku England, tsiku lomwe Manchester United ikupita kumeneko, inu ndinu wa United chibadwire, ndiye mukufunsa ngati mungavale jezi yanu komanso chomwe mungachite anyamata anu akagoletsa. Ena muno akuyankhani kale kuti mpira ndi chisangalalo, valani basi, palibe angakudyeni. Amenewo amakukondani, koma akuyankha ali ku Ndirande. Ine ndikuti pitani pokhapokha ngati mtima wanu mumatha kuugwira, jezi isiyeni kunyumba, ndipo tsiku limenelo mukhale munthu wopanda timu.

Ndikudziwa kuti kwa ife zimenezi zimamveka zachilendo. Kwathu Bullets ikamakumana ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium, wa Maule ndi wa Manoma amatha kukwera minibasi imodzi, wina zofiira wina zabuluu, akunyogodolana mpaka pageti. Mavuto amakhalapo, miyala timaidziwa, komabe kuvala mtundu wa timu yako si mlandu. Anzathu a ku Joni anganenenso zomwezo: pa FNB Stadium ochemerera Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates amakhala mosakanikirana, mwamuna ndi mkazi wake aliyense jezi yakeyake. Ku England sizili choncho, ndipo pali mbiri yake. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ndewu za m'mabwalo zinafika poipa. Pa 29 May 1985, pa bwalo la Heysel ku Brussels, anthu 39 anafa masewero a Liverpool ndi Juventus asanayambe. Chigawo china chinasiyidwira anthu osakondera mbali, koma matikiti ake ambiri anathera m'manja mwa ochemerera Juventus, amene anapezeka moyandikana ndi a Liverpool. Gulu la a Liverpool litawathamangira, anthu anapanikizana ndipo khoma linagwa. Matimu a ku England analetsedwa kusewera m'mipikisano ya ku Ulaya kwa zaka 5, Liverpool zaka 6. Choncho mukaona asitiwadi (oyang'anira bata m'bwalo) ndi apolisi atandanda pakati pa magulu awiri, dziwani kuti sakuchita mwambo chabe.

Masiku ano timu yobwera imapatsidwa malo akeake. Mu Premier League amakhala pafupifupi mipando 3,000, ndipo kuyambira mu 2016 tikiti ya alendo sinkapitirira mapaundi 30. Ku Anfield alendo amawaika m'munsi mwa Anfield Road Stand. Bwalo lonse limalowa anthu oposa 61,000, kutanthauza kuti kwina konseko ndi kwa eni ake. Malamulo a tikiti amanena momveka kuti mipando ya kumeneko si ya ochemerera timu yobwera, ndipo wopezeka atavala kapena kuonetsa zizindikiro za timu yobwera akhoza kubwezedwa pageti kapena kutulutsidwa masewero ali mkati. Ndalama sabweza. Musaganizenso kuti akakuzindikirani adzakuperekezani bwinobwino kwa anzanu a United. Kumeneko mipando ili ndi eni, inu adzakulozerani msewu.

Koma chimene chikundichititsa kulemba motalika chonchi ndi mnzanu uja, osati inu. Inu akakutulutsani mwaluza madzulo amodzi, mukwera sitima kubwerera. Iye mpando umenewo uli m'dzina lake. Tikiti ya chaka chonse ku Liverpool anthu amaidikira zaka zambirimbiri, ena amachita kusiyirana m'banja, ndipo kalabu ili ndi mphamvu yomulanda munthu amene walowetsa mlendo wosokoneza. Ngakhale kalabu isamulande, pali anthu amene wakhala nawo pamzere umenewo nthawi yaitali, odziwana mayina a ana, amene adzamufunse sabata yotsatira kuti bwanji unatibweretsera wa United. Ndiye musanavomere, mufunseni maso ndi maso ngati akudziwa timu yanu. Ngati sakudziwa, muuzeni. Akadodoma, mubwezereni mwaulemu. Ndipo tikitiyo akupatseni kudzera njira ya kalabu, poti masiku ano matikiti ndi a pafoni ndipo amaoneka kuti achoka kwa yani kupita kwa yani. Za kugula kwa anyamata oima panja kapena pa Facebook musayese n'komwe. Kugulitsa tikiti ya mpira popanda chilolezo ndi mlandu ku England kuyambira 1994, ndipo ambiri mwa matikiti otero sagwira pageti.

Mufunseninso kuti mpandowo uli mbali iti. Ngati uli ku Kop, kuseri kwa golo kumene kumachokera nyimbo zonse, ine ndingakulangizeni kuti musapite. Kumeneko amaimirira masewero onse, amaimba osapuma, ndipo munthu wotseka pakamwa amaonekera patali. Ngati uli ku Main Stand kapena ku Sir Kenny Dalglish Stand, makamaka m'mwamba, zinthu zimakhalako bwino. Kumakhala achikulire, mabanja, ndi alendo ochokera m'mayiko ena amene abwera kudzajambula zithunzi, moti nkhope yachilendo siidabwitsa aliyense.

Zovala: jekete wamba yakuda kapena yotuwa, chipewa chopanda chizindikiro. Wina anena kuti matimu onsewa ndi ofiira ndiye sangazindikire. Adzazindikira. Anthu amenewa kufiira kwa United amakuona ali tsidya lina la msewu. Jezi yobisa mkati mwa jekete nayonso ayi, chifukwa pageti amasecha ndipo akhoza kukuuzani kuti mutsegule zipi. Chimene ambiri amaiwala ndi foni. Tikiti ili momwemo, mudzaitulutsa pamzere anthu ali phewa ndi phewa, ndiye ngati chithunzi cha pamwamba ndi Bruno Fernandes kapena chikuto chake chili ndi kachiwanda kofiira ka pa chizindikiro cha United kaja, sinthani musananyamuke. Makiyi a galimoto chimodzimodzi. Chikwama chachikulu salola, nyamulani zokwana m'thumba.

Tsopano mpira wayamba. Osewera asanalowe, bwalo lonse limaimirira, masikafu m'mwamba, kuimba nyimbo yawo yotchuka ija ya You'll Never Walk Alone. Imirirani nawo. Simukukakamizidwa kuimba, ndipo ine sindigwirizana ndi amene amati yerekezerani kuti ndinu wa Liverpool, imbani nawo, dumphani nawo. Zoyerekezera zimagwidwa msanga, komanso ndi kudzichotsa ulemu. Kungokhala chete ndi kokwanira. Liverpool ikagoletsa aliyense adzadzuka, inunso dzukani, chifukwa wotsala pampando yekha atagwira tsaya ndiye amene maso onse amamupeza. Wina akakukumbatirani mwachisangalalo, mumwetulireni, mumusisite pamsana, zatha. Kumbukirani kuti pa 5 March 2023 anthu anu anamwa zigoli 7 kwa duu pa bwalo lomweli, ndiye kudzukadzuka kumeneku kukhoza kuchuluka. Konzekerani mtima.

Chovuta chenicheni ndi United ikagoletsa. Thupi limadzuka lokha mutu usanaganize, ndipo bwalo likakhala zii, ngakhale ka "eya" kapansipansi kamamveka mizere itatu. Akuluakulu anati kwa eni kulibe mkuwe. Manja akhale m'matumba a jekete nthawi iliyonse anyamata anu akayandikira golo, mapazi agwire pansi. Mpira ukalowa, yang'anani nsapato zanu, lumani mlomo, werengani mpaka khumi. Ngati nkhope ikukana kumvera, dikirani pang'ono kenako pitani kuchimbudzi, koma musathamange. Ndipo si chigoli chokha chimene chimaulula munthu. Ndi kaphokoso kodandaula wosewera wanu akaphonya, kudzuka theka pamene akuthamanga ndi mpira, kukuwira oyimbira kuti penate pamene anthu onse okuzungulirani akuti wadzigwetsa. Ochemerera enieni amawerenga zimenezi mosavuta, monga momwe inu mungamuzindikirire wa Manoma amene wakhala pakati pa Maule ngakhale atavala malaya oyera.

Foni ija ibwererenso m'thumba. Ndikudziwa kuti gulu lonse la kumudzi lidzafuna vidiyo, ndipo mudzaganiza kuti poti mukulankhula Chichewa palibe akumva. Chichewa sakumva, koma mayina a osewera akuwamva, ndipo chisangalalo sichifuna womasulira. Jambulani chithunzi chimodzi kapena ziwiri masewero asanayambe, zina mudzatumiza muli m'sitima. Kuika pa intaneti muli pampando pomwepo, nambala ya mzere ikuoneka, ndi mawu onyoza eni bwalo, ndi njira yachidule yomupweteketsera mnzanu.

Woyandikana naye akakuyambani nkhani, yankhani za mpira: wosewera uyu ali bwino lero, kumbuyo kwatseguka, oyimbira akuchedwa kuimba. Akafunsa timu yanu, kunena kuti mwabwera kudzaona bwalo ndipo mpandowu wakubwerekani mnzanu ndi zoona ndithu, ndipo zimakwana. Mukhoza kuwonjezera kuti kwanu ku Malawi mumachemerera Bullets kapena Silver Strikers. Nkhani imakhotera komweko, ayamba kukufunsani za nyanja.

Pali chinthu chimodzi chimene sindikufuna muchitenge mopepuka. Pa 15 April 1989, pa bwalo la Hillsborough ku Sheffield, ochemerera Liverpool anapanikizana pa masewero a FA Cup ndi Nottingham Forest, ndipo onse amene anafa chifukwa cha tsikulo ndi 97. Kwa zaka zambiri mlandu unkakankhiridwa kwa ochemerera omwewo, mpaka mu 2016 pamene bwalo lofufuza za imfa linagamula kuti anthuwo anaphedwa mosemphana ndi lamulo ndipo ochemerera sanalakwe. Nyuzipepala ya The Sun, imene inawanamizira masiku amenewo, mpaka lero anthu a mumzindawu safuna kuiona, ndiye musayende nayo m'manja. Kunja kwa Main Stand kuli chikumbutso cholembedwa mayina awo. Mukadutsapo, dutsani mwaulemu, si malo ojambulirapo zoseka. Ife tikukumbukira za pa 6 July 2017 pa Bingu National Stadium, pamene anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa popanikizana pageti. Palibe Mmalawi angalole mlendo kuseka zimenezo. A United nawonso ali ndi chilonda chawo, ngozi ya ndege ya ku Munich pa 6 February 1958 imene inapha anthu 23, kuphatikizapo osewera 8. Mwina mudzamva chitsiru china pafupi nanu chikunyoza zimenezo. Zidzakuwawani, koma musayankhe. Kunyoza imfa za anthu m'bwalo la mpira masiku ano amamanga nako, mbali zonse ziwiri, ndipo khoti likhoza kumuletsa munthu kuonera mpira kwa zaka zosachepera 3. Inu amene muli m'dzikomo ndi viza, mbiri ya kupolisi simukuifuna ngakhale pang'ono.

Nanga akakuzindikirani? Musakane mokweza mawu, musatsutsane, musaloze chala. Ambiri amangokuyang'anani n'kukusiyani ngati mwakhala mwaulemu, ena amakunong'onezani kuti khalani chete basi. Wina akayamba kukutukwanani kapena kuitana anzake, nyamukani modekha mupite kwa sitiwadi, mumuuze kuti simukumva kutetezeka. Mwina mathero ake mutuluka, koma mutuluka ndi mano onse. Zikakhala za khungu lanu, imeneyo ndi nkhani ina. Tsankho m'bwalo ndi mlandu posatengera kuti mumachemerera timu iti, ndipo muli ndi ufulu wonse wokanena kwa asitiwadi, kwa apolisi, kapena ku bungwe lolimbana ndi tsankho pa mpira la Kick It Out. Gwirani nambala ya mzere ndi ya mpando wa munthuyo.

Za mowa ndinene mwachidule. Lamulo la mu 1985 limaletsa kumwa pamalo poonekera bwalo, choncho amamwera m'makonde a kuseri, ndipo woledzera samulowetsa. Kwa inu ndingati tsiku limenelo imwani tiyi. Mabotolo awiri amamasula lilime limene mukufuna likhale lomangika. Malo omwera oyandikana ndi Kop ndi a eni ake, mulowemo pokhapokha muli ndi mnzanu wa Liverpool.

Wezulo yomaliza ikalira, tulukani limodzi ndi gulu, nkhope yofanana ndi ya okuzungulirani. Musapite kumbali ya alendo kukaimba nawo kapena kuwakweza manja, chifukwa pamenepo ndi pamene apolisi amachuluka ndipo simudzakhala wa mbali iliyonse. M'basi yopita ku siteshoni ya sitima ya Sandhills kapena m'tauni mudakali pakati pa eni, pa siteshoni yaikulu ya Lime Street chimodzimodzi, ngakhale m'sitima ya ku Manchester mumakhala a Liverpool ambiri. Kusangalala kudikire mpaka mutatseka chitseko cha kwanu. Mawa lake kuntchito, ngati mwapambana, muthokozeni mnzanuyo kaye musanayambe kumuseka, ndipo mumuseke pang'ono.

Mukaona kuti zonsezi simungazithe, palibe chamanyazi. Muuzeni mnzanu akusungireni mpandowo tsiku limene Liverpool ikusewera ndi timu ina, mukaone Anfield mtima uli m'malo, ndipo masewero a Unitedwa mukaonere pa kanema ndi anzanu kumene mungakuwe mmene mungafunire. Matikiti a mbali ya alendo ndi ovuta, amapita kwa amene ali ndi tikiti ya chaka chonse ku Old Trafford, bwalo la United, ndiye musadalire zimenezo. Tiuzeni mbali imene mpandowo uli, ndipo ngati mukuganiza zotenga mwana mutchulenso, chifukwa mwana simungamuuze kuti asadumphe.